Malipiro ochepetsetsa akakwera, mlonda amapindula kapena amaluza?

Funso: Ndine mlonda pa kampani ina ya zachitetezo ku Lilongwe ndipo ndagwirako zaka zambiri. Boma litalengeza mu 2025 kuti malipiro ochepetsetsa akwera kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pamwezi, abwana anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti walira mvula walira matope: ena achotsedwa ntchito, ndipo ndalama yowonjezerayo ithera pa kukwera kwa mitengo. Anzanga ena ayamba kunena kuti bola boma likanangosiya. Kodi kukweza malipiro kumatithandizadi ife olandira zochepa, kapena kumangotipweteka?

Yankho: Bambo, kukweza malipiro ochepetsetsa kumathandiza munthu ngati inu, ndipo izi ndikunena mosakayika. Koma kumathandiza ngati ndalamayo ikufikadi m'thumba mwanu, komanso ngati yabwera pa nthawi yake. Kuno kwathu zinthu ziwirizi ndizo zimavuta. M'mawu a abwana anu muli choona pang'ono, ndipo ndifikapo, koma mbali yaikulu ndi kuopseza.

Tiyambe ndi mbiri ya ndalamayi, chifukwa ikuyankha kale anzanu amene akuti bola boma likanangosiya. Mu January 2021 malipiro ochepetsetsa anakwera kufika pa K50,000 pamwezi. Anakhala pomwepo zaka zitatu zathunthu. M'zaka zimenezo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Namondwe Freddy anakokolola minda m'chigawo chakummwera mu March 2023. Pofika January 2024, mitengo ya katundu inkakwera ndi 35 peresenti pachaka. Mukaphatikiza zaka zitatuzo, zinthu zinali zitadula pafupifupi kuwirikiza kawiri. Boma litakweza malipiro kufika pa K90,000 mu February 2024, anthu anamva zoti akwera ndi 80 peresenti n'kumaganiza kuti ndi ndalama yambiri, chonsecho K90,000 imeneyo sinkagula ngakhale zomwe K50,000 inkagula kumayambiriro a 2021. Ndiye kuti "kungosiya" kumene anzanu akukufuna tinakuyesa kale kwa zaka zitatu. Mitengo sinaime podikira kuti malipiro akwere. Inakwera yokha, ndipo mlonda anayamba kuyenda wapansi kuchokera ku Kauma kapena ku Mtsiriza kupita kuntchito chifukwa ndalama ya minibasi sinkakwananso.

Nkhani yoti malipiro akakwera mitengo imakweranso mpaka phindu lonse kutha ndi yofala, koma masamu ake sagwirizana ndi mmene zinthu zilili. Tiyerekeze malo ophikira buledi amene pa K100 iliyonse yomwe amawononga, K10 imapita ku malipiro a antchito, yotsalayo ndi ya ufa wa tirigu, magetsi, mafuta agalimoto, lendi ndi zina. Malipiro akakwera ndi 40 peresenti, K10 ija ikhala K14. Zonse pamodzi zachoka pa K100 kufika pa K104. Ngakhale mwini wake atakankhira zonsezo kwa ogula, buledi wakwera ndi 4 peresenti pamene wantchito walandira 40 peresenti. Zomwe zimakweza mitengo m'Malawi muno tikuzidziwa: kusowa kwa ndalama zakunja, kugwa kwa kwacha, mtengo wa mafuta ndi feteleza, ngongole za boma, ndiponso chimanga chikalephera monga zinachitikira ndi chilala cha El Niño mu 2024. M'miyezi ya njala kumayambiriro a 2025, thumba la chimanga la makilogalamu 50 linadutsa K80,000 m'misika ina, nthawi imene malipiro anu anali akadali pa K90,000. Palibe mlonda amene anakweza chimanga chimenecho. Anthu olandira malipiro ochepetsetsa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chuma chonse cha dziko moti sangasunthe mitengo mwa njira imeneyo. Chomwe chimachitikadi ndi chakuti eni nyumba ena akamva pawailesi kuti malipiro akwera amakweza lendi mwezi womwewo, ngakhale kwa munthu amene sanalandire kanthu. Zimenezi n'zopweteka, koma sizimeza ndalama yonse yowonjezerayo.

Nkhani yochotsedwa ntchito ndi imene ikufunika kuifatsira, chifukwa akatswiri a zachuma akhala akukangana nayo kwa zaka zambiri. Kale ambiri ankaphunzitsa kuti ntchito ili ngati katundu wina aliyense pamsika: mtengo wake ukakwera, ogula amagula zochepa, choncho malipiro akakwera olemba ntchito amachepetsa anthu. Mu April 1992 dera la New Jersey ku America linakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa madola 4.25 kufika pa madola 5.05 pa ola, pamene dera loyandikana nalo la Pennsylvania silinakweze. Akatswiri awiri, David Card ndi Alan Krueger, anafufuza malo ogulitsira zakudya pafupifupi 400 mbali zonse ziwiri za malire, malipiro asanakwere komanso atakwera. Sanapeze umboni woti ntchito zinachepa ku New Jersey. Ena, monga David Neumark ndi William Wascher, anatsutsa zotsatirazo ndipo mkanganowo sunatheretu mpaka lero, koma kafukufuku wambiri amene anatsatira anaonetsa kuti kukweza malipiro ndi mlingo woyenera sikuchotsa anthu ambiri ntchito monga ankaopera. Card analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2021. Dziko la Britain linakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a dziko lonse mu 1999, Germany mu 2015, ndipo kuwiri konseko kunali kulira kwakuti anthu zikwizikwi ataya ntchito. Sizinachitike pa mlingo umene ankanenawo.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa kwa munthu amene anaimapo pageti kufuna ntchito. Malipiro a munthu wosauka nthawi zambiri satsatira phindu limene ntchito yake imabweretsa. Amatsatira kusowa kwake kolowera. Wothyola tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje amene esiteti ndiyo yokha yolemba anthu m'dera lake sangakane malipiro, chifukwa akakana apita kuti? Mlonda wa m'tauni amadziwa kuti akasiya lero, mawa pageti pali anthu khumi ofuna yunifolomu yomweyo. Pamene wolemba ntchito ali ndi mphamvu yotere, amalipira pansi pa zomwe ntchitoyo ikumubweretsera, ndipo pakatipo pamakhala mpata. Lamulo likakweza malipiro, limadya mpata umenewo poyamba. Abwana amapeza phindu locheperapo koma akupindulabe pokhala nanu, ndiye alibe chifukwa chokuchotserani. Palinso china chimene olemba ntchito ambiri sawerengera: munthu wolipidwa bwinoko sasiya ntchito wamba, sajomba kuti akagwire ganyu kwina, ndipo safika pantchito yausiku ali ndi njala.

Pa ntchito yanu ya ulonda pali mfundo ina yokutetezani. Banki, sukulu kapena nyumba yosungiramo katundu singasiye kulondedwa chifukwa choti malipiro akwera, ndipo ntchitoyi singasamutsidwire kunja kwa dziko: geti la ku Kanengo simungalilondere muli ku Mozambique. Komanso lamulo limakhudza makampani onse a zachitetezo nthawi imodzi, choncho onse amapita kwa makasitomala awo kukakweza mtengo wa kontrakiti. Ena amakhala ndi gawo m'mgwirizano lonena kuti boma likakweza malipiro, mtengo usinthanso. Choopsa chenicheni kwa kampani yanu ndi kampani inzake imene siikutsatira lamulo, imene ikulipirabe alonda ake ndalama yakale n'kumalanda makasitomala ndi mtengo wotsika. Abwana anu akanakhala kuti akufunitsitsa kuteteza ntchito zanu, akanakhala patsogolo kupempha unduna wa zantchito kuti uziyendera makampani onse.

Tsopano choona chili m'mawu awo. Pali ntchito zina zimene zimathadi malipiro akakwera kwambiri nthawi imodzi, ndipo umboni wake uli pafupi nafe, ku South Africa. Dzikolo linakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a antchito apakhomo mu 2002 ndi a m'mafamu mu 2003. Kwa antchito apakhomo, kafukufuku wa Taryn Dinkelman ndi Vimal Ranchhod anapeza kuti malipiro anakwera ndithu popanda kuchepa kooneka kwa ntchito, ngakhale boma silinkayendera nyumba za anthu kwenikweni. Kumafamu nkhani inasiyana. Haroon Bhorat wa ku yunivesite ya Cape Town ndi anzake anapeza kuti malipiro anakwera koma chiwerengero cha antchito chinatsika. Mlimi wa mphesa kapena malalanje amagulitsa kunja pa mtengo umene sakhazikitsa yekha, sangakankhire ndalamayo kwa ogula, ndipo ali ndi mwayi wogula makina kapena kulemba anthu a nyengo yokolola yokha. Phunziro lake kwa ife likukhudza tiyi, fodya ndi makadamiya, zomwe mitengo yake imadalira misika yakunja. Ngakhale kumeneko sindikuti malipiro asakwere. Wothyola tiyi ali pakati pa anthu ogwira ntchito yolemetsa kwambiri m'dziko muno. Ndikuti kumeneko n'kumene kukwera kodzidzimutsa kungachotsetse anthu, ndipo n'kumene zokambirana za pakati pa mabungwe a antchito ndi eni maesiteti, monga mgwirizano umene bungwe la Plantation and Agriculture Workers Union linasainirana ndi Tea Association of Malawi mu 2016, zimafunika kwambiri.

Gulu lina lomwe limandidetsa nkhawa ndi la antchito apakhomo kuno kwathu. Malipiro awo ochepetsetsa anali K52,000 mu 2024 ndipo anakwera kufika pa K72,800 mu 2025. Wolemba ntchito wawo nthawi zambiri ndi mphunzitsi, namwino kapena kalaliki amene malipiro ake sakukwera ndi liwiro lomwelo. Munthu wotere alibe kasitomala woti amukankhire ndalamayo. Ena amalipira, ena amachotsa wantchito n'kukatenga mwana wa achibale kumudzi amene amangomupatsa chakudya ndi zovala, ena amangolipira zakale ndipo wantchitoyo amakhala chete poopa kutaya pogona. Chimodzimodzi ndi timagolosale ndi timalesitilanti ta m'misika. N'chifukwa chake boma limaika malipiro osiyana kwa antchito apakhomo ndi kwa mabizinesi ang'onoang'ono. Ndimamvetsa maganizo ake, ngakhale zimandiwawa kuti mayi wosamalira ana a anthu kuyambira mbandakucha mpaka usiku amaikidwa pansi pa wina aliyense.

Kwa inu, chimene muyenera kuyang'anira kwambiri si kalata yochotsedwa ntchito. Olemba ntchito ambiri amabweza ndalama yowonjezerayo mwakachetechete. Amatenga alawansi ya nyumba kapena ya mayendedwe yomwe munkalandira padera n'kuiphatikiza m'malipiro kuti chiwerengero chioneke kuti chafika pa lamulo. Amasiya kulipira ovataimu. Pamalo pomwe panali alonda atatu amasiyapo awiri, ndipo amene wapuma pantchito salowedwa m'malo. Amayamba kudula ndalama ya yunifolomu, ya nsapato, ya chilango cha kuchedwa. Ena amasintha anthu okhazikika kukhala a makontrakiti a miyezi yochepa kuti azithawa penshoni. Pamapeto a mwezi munthu amaona kuti papepala walandira zambiri koma maola achuluka ndipo m'manja muli zomwezomwezo. Zoterezi sizioneka m'mawerengero a anthu ochotsedwa ntchito, n'chifukwa chake kafukufuku akanena kuti ntchito sizinachepe, sindithamangira kunena kuti aliyense wapindula mokwanira.

Popeza mwagwira zaka zambiri, mwina mwakumananso ndi ichi: mnyamata wolembedwa dzulo akulandira chimodzimodzi ndi inu. Malipiro apansi akakwera ndi 40 peresenti, amapeza amene anali pamwamba pang'ono, ndipo lamulo silikakamiza abwana kukweza amenewo. Kuwawidwa mtima kwake n'komveka, koma mnyamatayo sanakulandeni kanthu. Kusiyana kwa malipiro malinga ndi zaka ndi udindo kumabwera ndi zokambirana za bungwe la antchito ndi kampani, ndipo pamene palibe bungwe, kawirikawiri sikubwera.

Tisaiwalenso kuti Amalawi ambiri lamuloli siliwafika n'komwe. Kafukufuku wa anthu apantchito amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2013 anapeza kuti anthu pafupifupi 89 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito ali pa ntchito zosakhazikika: alimi a minda yawo, aganyu, ageni, akabaza. Wogulitsa tomato pa Msika wa Tsoka alibe bwana woti amukwezere malipiro. Ena amatenga mfundo imeneyi n'kunena kuti ndiye kuti lamuloli ndi lopanda ntchito. Ine sindivomereza. Malipiro a mlonda mmodzi amadyetsa banja la m'tauni, amalipira fizi, amatumizidwa kumudzi kukagula feteleza, ndipo amathera pamsika womwewo wa tomato, makala ndi bonya, chifukwa munthu wolandira zochepa amawononga pafupifupi zonse zomwe walandira pafupi ndi pomwe amakhala. Chiwerengero cholengezedwa ndi boma chimakhalanso poyambira pokambirana ngakhale pamene palibe woyendera. Mtsikana wofuna ntchito yapakhomo amene wamva pawailesi K72,800 salolanso K30,000 mosavuta ngati kale. Izi n'zimene zinaoneka kwa antchito apakhomo a ku South Africa aja. Koma ndivomereze kuti umphawi wa kumudzi sungathe ndi lamulo la malipiro. Umenewo ukufuna zokolola, misika ndi ntchito zatsopano.

Vuto lalikulu ndi kakwezedwe kathu. Timasiya malipiro zaka, mitengo n'kumathamanga, kenako timadumpha ndi 80 peresenti kapena 40 peresenti tsiku limodzi. Kachitidwe kameneka kamapweteka mbali zonse. Wantchito amakhala akusaukirasaukira mwezi ndi mwezi mpaka kulowa m'katapila, ndipo ndalama yomwe anataya m'zaka zodikirazo sabwezeredwa. Wolemba ntchito, makamaka wamng'ono, amadzidzimuka ndi ndalama yaikulu imene sanaikonzekere, yomwe imakweranso ndi 10 peresenti ya penshoni imene iye amasonkha pa malipiro a wantchito aliyense. Kudumpha kotereku n'kumene kumapatsa mabwana chifukwa chosonkhanitsira anthu n'kuwaopseza. Ku South Africa malipiro ochepetsetsa a dziko lonse anayamba pa marandi 20 (R20) pa ola pa 1 January 2019, ndipo amaunikidwa chaka chilichonse, kusintha kwake kumayamba mu March. Anafika pa R27.58 mu 2024 ndi R28.79 mu 2025. Ku Britain kuli bungwe la Low Pay Commission, momwe mumakhala oimira antchito, oimira olemba ntchito ndi akatswiri, limene limalangiza boma chaka ndi chaka potengera umboni. Kuno tili ndi onse ofunika: Malawi Congress of Trade Unions kumbali ya antchito, Employers Consultative Association of Malawi kumbali ya olemba ntchito, unduna wa zantchito, ndiponso Centre for Social Concern imene imawerengera mtengo wa zofunika pa moyo wa banja la m'tauni, ndipo mawerengero ake akhala akuposa malipiro ochepetsetsa kangapo konse. Chimene chikusowa ndi lamulo lokakamiza kuti chaka chilichonse, mwezi wodziwika, malipiro asinthe motsatira kukwera kwa mitengo, kuti nkhaniyi isamadikire zionetsero kapena nyengo ya chisankho.

Chachiwiri chosowa ndi kuyendera malo antchito. Lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa nduna mphamvu yokhazikitsa malipiro ochepetsetsa ndipo kulipira pansi pake ndi mlandu. Koma maofesi a zantchito m'maboma ali ndi anthu ochepa ndipo nthawi zambiri alibe mayendedwe. Pamene palibe woyendera, wolemba ntchito wachilungamo ndiye amalangika chifukwa amapikisana ndi wakuba. Kukanakhala kwa ine, boma ndi makampani ake akanayamba ndi iwo eni: kampani iliyonse yolondera kapena kusesa m'maofesi a boma iziyamba yaonetsa umboni wa malipiro ndi penshoni ya antchito ake isanalandire kontrakiti. Zimenezi sizifuna galimoto kapena mafuta.

Za inuyo panokha, yambani ndi kapepala ka malipiro. Lamulo limati wolemba ntchito azipereka kapepala koonetsa malipiro onse ndi chilichonse chimene chadulidwa, choncho kapempheni mwezi uliwonse ndipo kasungeni. Yerekezani ka mwezi malipiro asanakwere ndi ka mwezi atakwera, muone ngati pali alawansi imene yasowa kapena kudula kwatsopano. Boma limawerengera mwezi pa masiku 26 ogwira ntchito, ndiye K126,000 ya mu 2025 ija ndi pafupifupi K4,846 patsiku. Chiwerengerochi chimasintha boma likalengeza china, choncho mukafike ku ofesi ya zantchito ya boma lanu kuti akuonetseni chimene chikugwira ntchito mwezi umene mukudandaulawo. Pa malipiro otere simuyenera kudulidwa msonkho, chifukwa mu 2024 ndalama yosadulidwa msonkho inali itafika kale pa K150,000 pamwezi. Chodulidwa chovomerezeka ndi 5 peresenti ya penshoni, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ku kampani yosunga penshoniyo ngati ndalama yanu ndi ya abwana ikufikadi, chifukwa alipo amene amadula koma osatumiza.

Lembani m'kabuku maola amene mwagwira tsiku lililonse ndi malo amene munalondera. Maola a lamulo ndi 48 pamlungu, ndipo opitirira apo ayenera kulipidwa padera. Alonda ambiri amagwira maola 12 usiku uliwonse masiku asanu ndi limodzi, omwe ndi maola 72, osadziwa kuti 24 mwa amenewo ali ndi malipiro akeake.

Ngati kampani yaganizadi zochepetsa anthu, singangokuuzani pageti kuti musabwerenso. Iyenera kupereka notisi kapena ndalama ya notisiyo, kulipira masiku atchuthi amene simunapume, ndiponso ndalama yolekanirana yowerengeredwa pa zaka zimene mwagwira: malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse kwa zaka zisanu zoyamba, ndipo mlingowo umakwera zaka zikamachuluka. Kwa munthu wa zaka zambiri ngati inu, ndalama imeneyi si yochepa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe makampani ambiri amaopseza koma osachita. Musasaine pepala lililonse lonena kuti mwasiya nokha ntchito, chifukwa mukatero mwataya ndalama yolekaniranayo. Mukalakwiridwa, dandaulo limayambira ku ofesi ya zantchito, ndipo likakanika kumeneko limapita ku khoti la nkhani zantchito, Industrial Relations Court, komwe munthu amatha kudziyankhulira yekha popanda loya. Milandu imachedwa kumeneko, choncho musazengereze kukadandaula, ndipo pitani muli gulu ndi anzanu amene ali ndi vuto lomwelo, aliyense atanyamula timapepala take ta malipiro ndi kabuku kake ka maola.